NYUMBA YA MALEMU: MMENE INKAFIKIRA KWA WOLOWA M'MALO KU PETAUKE NDI NYIMBA

Inu nonse amene mwasonkhana pano pa Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, mudziwa kuti dzina lakuti Gawa litanthauza wogawa dziko, ndiponso kuti mpando umenewu salowa mwana wobereka mfumu iai, koma wocokera m'mimba ya Nyangu. Ndimo zinayendera pamene Gawa Undi Chivunga, amene anadzutsanso mwambo uno m'caka ca 1984, anatisiya mu 2004. Za mipando ya mafumu zalembedwa kambiri m'timabuku ngati kano. Ine ndifuna kutsika pansi pang'ono kuti ndikambe za cinthu cimene cadanitsa abale ambiri koposa ufumu, ndico nyumba ya munthu wamba mwini wake akatsikira kuli cete.

Ndidzakamba za kwathu ku Petauke ndi ku Nyimba. Dziko limeneli kwakukulu ndi la abale athu Ansenga, la a Kalindawalo, a Nyamphande, a Sandwe, a Mumbi, a Luembe, a Ndake, a Nyalugwe ndi a Mwape. Acewa takhala nao moyandikana ndi kukwatirana nao kwa mibadwo yambiri, ndipo mbiri ya makolo imati mphamvu ya Undi inafika m'dziko limeneli kalekale Azungu asanadze. Iwo ali ndi mwambo wao wa Tuwimba, ife tili ndi Kulamba, koma pa nkhani ya colowa njira yathu ndi imodzi: mtundu umatsata mai.

Coyamba cimene wacinyamata wa lero ayenera kumva, ngakhale cidzamudabwitsa, ndi cakuti kale nyumba sinali cuma colowa. Inali ya mitengo, yomata ndi dothi, yofolera ndi udzu, ndipo ciswe cikailekerera inkatha zaka zowerengeka cabe. Mwini wake akamwalira, nthawi zambiri nyumbayo inkagwetsedwa mwambo wa maliro utatha, kuti mzimu wa malemu usamabwerere pakhomo pake kudzasautsa amoyo. Nyumba inkafa pamodzi ndi mwini wake. Nanga anthu akanalimbirana ciani?

Cimene cinkalowedwa cinali dzina. Maliro akapita, anthu atameta, akulu a mbumba ankakhala pansi ndi kusankha wolowa m'malo mwa malemu, kaya mng'ono wake wa bere limodzi, kaya muphwa wake, ndiye kuti mwana wa mlongo wake. Iyeyu ankalandira uta ndi mibvi, nkhwangwa, mkondo, mwina mfuti ya gogodela ngati inalipo. Koma pamodzi ndi zimenezi ankasenza katundu wolemera: kuyang'anira alongo ndi ana ao, kukhala nkhoswe pa maukwati, kulipira milandu ya adzukulu ndi ngongole za malemu. Ndiye cifukwa cake si onse amene ankakondwera akalozedwa cala. Panalibe kalata, panalibe kalaliki. Umboni unali maso a mudzi wonse, pakuti zonse zinkacitikira pabwalo, mfumu ya mudzi ili pomwepo, ankhoswe a kucimuna ndi a kucikazi ali pomwepo, adzukulu amene anakumba manda ali pomwepo. Ndipo mkulu wanzeru sankadikira imfa. Akaona kuti thupi layamba kulema ankaitana alongo ake ndi akulu awiri kapena atatu nanena kuti, uje ndiye adzasunge mbumba, munda wa kudambo ndi wa uje, mbuzi zija ndinasungiza kwa uje. Mau otere ankawacha mau a malemu, ndipo munthu ankaopa kuwaphwanya.

Nanga mkazi wamasiye ndi ana ankagona kuti? Apa ndi pamene pali nzeru ya cikamwini, imene ambiri lero amaiseka osaimvetsa. Mwamuna ankakwatira kwao kwa mkazi. Nyumba ankamanga pa dothi la apongozi, munda ankalima wa mbumba ya mkazi, nkhokwe inali pakhomo pa mkazi. Tsono iye akamwalira, abale ake ankabwera kudzatenga zida zake ndi kusudzula mkazi, kapena kumpatsa wina womlowa cokolo ngati mbali zonse zabvomerezana, koma panalibe munthu akanati mai uyu acoke, cifukwa anali kale kwao. Ngati nyumba yagwetsedwa, alongo ake ankam'mangira ina pambali pomwepo. Ana sankachedwa amasiye enieni malinga atsibweni ao ali moyo.

Sindikunena kuti mwambowu unalibe wolira. Wolira anali mkamwini. Mkazi akatsogola kumanda, bambo amene anakhala pamudzi zaka makumi atatu, nabzala mango ndi nthoci, ankasudzulidwa nanyamula nkhwangwa ndi mphasa kubwerera kwao kumene mwina anamuiwala kale. Wolira wina anali mkazi wa citengwa, amene anatengedwa kukakhala kwao kwa mwamuna: iyeyu ndiye ankatha kuuzidwa kuti nchito yako yatha kuno. Koma anthu awiri onsewa anali ndi kopita, cifukwa dothi linalipo lambiri ndipo kumanga nyumba ina kunkangofuna mitengo, luzi ndi mowa wa anthu othandiza.

Zinthu zinayamba kusintha pamene Azungu anafika. Kampani ya North Charterland inati dziko lalikulu mamailosi 10,000 m'litali ndi m'lifupi mocurukitsa, kuphatikizapo mbali yaikuru ya Petauke, ndi lake, ponena kuti Mpezeni anapatsa Mjeremani wina dzina lake Carl Wiese. Mu 1928 anthu anaikiridwa malire a marizevu, ndipo midzi yambiri inasamutsidwa kukapanikizana m'malo ocepa, kufikira Boma linagula dziko la kampaniyo mu 1941 ndi kuyamba kubwezeramo anthu. Apa ndi pamene makolo athu anaphunzira koyamba kuti dothi lingathe kulembedwa papepala, ndi kuti pepala lingathe kugonjetsa manda a makolo.

Msonkho wa nyumba unatulutsa amuna m'midzi. Ena anaoloka Zambezi pa Feira kupita ku Salisbury ndi ku migodi ya kumwera, ena pambuyo pake anatsata mseu waukuru kupita ku Broken Hill ndi ku Copperbelt. Anabwerako ndi njinga, makina osokera, mabokosi a zobvala, ndi ndalama zogulira ng'ombe ndi pulao. Amishoni nao anafika: a Dutch ku Nyanje mu 1905, ku Hofmeyr mu 1914 ndi ku Merwe mu 1923, ndiponso a Katolika ku Minga. Iwo anaphunzitsa kuti mwamuna ndi mkazi ndi thupi limodzi ndipo bambo ndiye mutu wa banja, ndipo aphunzitsi ndi alaliki ao ndiwo anayamba kuumba njerwa ndi kukhoma malata. Nyumba ya njerwa zoocha sungaigwetse pa maliro. Idzakhalapo zaka makumi asanu, ndipo wina ayenera kugonamo. Funso limene makolo sanalidziwe linabadwa pamenepo: kodi agonemo ndani, mwana amene anaponda dothi la njerwazo pamodzi ndi atate wake, kapena muphwa amene mwambo umamuloza?

Katswiri wina wa za cikhalidwe, Max Marwick, amene anakhala pakati pa Acewa a cigawo cino m'zaka za 1946 ndi 1947 nabweranso mu 1952, analemba m'buku lake la mu 1965 kuti kunenezana ufiti kunkacitika kwambiri pakati pa anthu a mbumba imodzi. Cifukwa cimene iye anapereka ndi comveka kwa ife tonse: mlendo ungamtengere ku bwalo, koma mbale wako wa bere limodzi sungamuimbe mlandu, motero mkwiyo umabisala m'mtima mpaka utaturukira pa maliro. Ng'ombe ndi cuma ca masiye zinali pakati pa zinthu zoyambitsa udani wotere.

Makhoti a mafumu anakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1929, ndipo titalandira ufulu analowedwa m'malo ndi makhoti a Local Court mu 1966. Onsewa ankaweruza colowa motsata mwambo. Koma mwambo umene unapangidwira mudzi unayamba kugwiritsidwa nchito m'tauni, ndipo kumeneko unasanduka cirombo. Mwamuna wa ku Nyimba wagwira nchito ku Lusaka kapena ku Kitwe zaka makumi awiri, iye ndi mkazi wake agula mipando, firiji ndi mbale. Tsiku la maliro abale afika ndi lole, natenga zonse ndi mabulangete omwe, nati ndi za m'bale wathu. Anatenga mbali yokoma ya mwambo, ya kulandira, nasiya mbali yowawa, ya kulera. Ndipo mkazi uja sanalinso pa dothi la amai ake monga kale; anali m'nyumba ya kampani kapena ya khonsolo, imene anauzidwa kuti aturukemo. Pamene matenda a Edzi anacurukitsa maliro ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kulanda cuma ca masiye kunakhala manyazi a dziko lonse.

Nyumba ya Malamulo inayankha mu 1989 ndi malamulo awiri. Loyamba, la Intestate Succession Act, ndi la munthu womwalira osasiya wilo. Limagawa cuma motere: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo a malemu, ndi 10 kwa ena amene malemuyo ankawasunga. Pa za nyumba linanena mosapsatira kuti ndi ya wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo wamasiye ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso kapena kukwatiranso. Wothamangitsa wamasiye kapena ana angalipitsidwe ndalama kapena kumangidwa. Taonani kuti muphwa, amene kwa zaka mazana anali woyamba, m'lamuloli alibe dzina, kupatula ngati anali kudya m'mbale ya malemu. Ndikumbuka kuti akulu ambiri kwathu anang'ung'udza kuti Boma lapha ubale. Ine ndiyesa kuti ubalewo unali utadwala kale, ndipo anaudwalitsa ndi aja obwera ndi malole. Apolisi nao anatsegula nthambi ya Victim Support Unit m'zaka za m'ma 1990, ndipo milandu ya kulanda cuma inali pakati pa nchito zake zoyamba.

Koma pali mau ena m'lamulo limeneli amene anthu ambiri sawadziwa, ndipo ndiwo akhudza kwambiri ife a ku Petauke ndi Nyimba. Lamuloli linanena lokha kuti silikhudza malo a mwambo, ndiye kuti dothi la m'manja mwa mafumu, ngakhalenso cuma ca ufumu ndi cuma ca banja lonse. Tsono popeza midzi yathu pafupifupi yonse ili pa dothi la mafumu, malo amene nyumba ya kumudzi yaimapo sagawidwa ndi maperesenti aja. Amayenda ndi mwambo, pamaso pa mfumu ya mudzi ndi nduna, monga kale. Kumeneku ndi kupepukidwa, pakuti palibe ulendo wa ku khoti. Komanso ndi ngozi, pakuti mai wa citengwa amene anathira ndalama zake za nshawa ndi thonje pa malata a nyumbayo amatsamira pa cifundo ca alamu ake ndi nzeru ya mfumu.

Nyumba ya pa boma ili ndi njira ina. Mu 1975 a Kaunda anathetsa umwini wamuyaya wa malo nausandutsa lendi ya zaka 100. Lamulo la malo la mu 1995 linaika dothi lonse m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, linatsimikiza lendi ya zaka 99, ndipo linalola kuti munthu asandutse malo a mwambo kukhala a cikalata ca Boma, cimene timangocicha taitolo, ngati mfumu ndi khonsolo abvomera. Caka cotsatira, mu 1996, a Chiluba analamula kuti nyumba za khonsolo ndi za Boma zigulitsidwe kwa okhalamo. Aphunzitsi, amesenjala, anamwino ndi makalaliki amene sanalotepo kukhala ndi nyumba pa boma anapezeka ali nazo. Ambiri a ife tinalembetsa dzina limodzi lokha, la bambo, cifukwa ndiye anali pa nchito. Palibe anaganiza za tsiku limene dzina limenelo lidzalembedwa pa mtanda.

Mwini taitolo akamwalira, dzina lake silicoka lokha pa cikalata. Banja liyenera kusankha woyang'anira cuma ca masiye, ndipo khoti liyenera kumpatsa kalata yomuloleza. Anthu ambiri amathamangira ku Local Court cifukwa ili pafupi ndipo amalankhula cinenero cathu. Koma lamulo la 1989 linapatsa khoti limeneli mphamvu pa cuma cosapitirira K50,000 ya nthawi imeneyo, ndalama imene inasanduka K50 cabe pamene Boma linacotsa maziro atatu pa kwaca mu 2013. Khoti la Supreme linagamula mu 2004 kuti kalata ya Local Court pa cuma coposa malirewo ilibe mphamvu. Motero nkhani ya nyumba ya taitolo ndi ya High Court, ndipo munthu wa ku Petauke, mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kucokera ku Lusaka, adziwa yekha tanthauzo lake: basi, malo ogona, loya, ndi kubwerera kawiri katatu cifukwa pepala lina lasowa. Pa zaka zimene ndinagwira nchito m'maofesi a Boma ndinaona amai ambiri obvala zakuda atakhala pa benchi ndi mapepala m'thumba la pulasitiki, ena mpaka caka cacitatu, nyumba ikudontha, ana akukangana za lendi. Ndinaonanso oyang'anira cuma amene anayesa kuti kalata ya khoti yawasandutsa eni nyumba, naigulitsa, pamene lamulo limati woyang'anira sangagulitse popanda cilolezo ca khoti.

Ena amati, lembani wilo, zonse zidzatha. Wilo ndi cinthu cabwino, ndipo lamulo laciwiri lija la 1989, la Wills and Administration of Testate Estates Act, linaupeputsa: ulembedwe, mwini asaine pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi, ndipo mbonizo zisakhale zolandira nao cuma. Wilo umatseka pakamwa pa wonama, ndipo ndi njira imene munthu angakumbukire nayo muphwa amene lamulo linamsiya. Koma tisanamizane: wilo sucotsa ulendo wa ku khoti. Uyenera kukatsimikizidwa ku High Court usanagwire nchito, ndipo khoti lingathe kuusintha ngati wamana mkazi kapena ana osowa powasamalira. Ndiponso wilo sungagawe dothi la mfumu limene mwambo sulola kuti munthu aligawe yekha.

Njira zimene zimalambalala khoti ndi zija zimene munthu amazicita akali ndi mpweya. Ina ndiyo kulembetsa maina awiri pa taitolo, mwamuna ndi mkazi, mwa mtundu umene a malamulo amaucha joint tenancy. Pamenepo mmodzi akamwalira nyumba yonse imatsala m'manja mwa winayo, ndipo cofunika ndi kukapereka cikalata ca imfa ku ofesi ya kalembera wa malo kuti dzina la malemu licotsedwe. Muyenera kucenjera polembetsa, cifukwa pali mtundu wina, wa tenancy in common, umene gawo la womwalira limalowa m'cuma ca masiye ndi kubwerera ku khoti komwe kuja. Dziwaninso kuti wotsalayo akhala mwini weniweni; ngati pali ana a nyumba ina, nkhani yao ikambidwe poyamba.

Njira ina ndiyo kupatsa mwana nyumba iwe uli moyo, dzina lisinthidwe pa taitolo. Pafunika cilolezo ca Boma kupyolera kwa Commissioner of Lands, ndipo lamulo la 1995 linati ngati masiku 45 apita osayankhidwa, cilolezoco ciyesedwe coperekedwa. Njirayi ndi yoyera, koma ine sindiilimbikitsa kwa aliyense. Wapatsa wapatsa. Mwana angakongole ndalama ku banki ndi cikalataco, angatsogole kumanda iyeyo nyumba n'kugwera mkazi wake ndi ana ake, kapena angangosintha mtima, nkhalamba n'kupezeka ikugona m'khichini pakhomo pake pomwe. Cakudza siciimba ng'oma. Amene asankha njira iyi alembetse ndi loya kuti adzakhalamo kufikira imfa.

Cimene candikondweretsa pa ukalamba uno cacokera kumudzi, osati ku Lusaka. M'zaka za m'ma 2010 mafumu ena a ku Petauke, mogwirizana ndi bungwe la Petauke District Land Alliance, anayamba kupereka zikalata za malo a mwambo. Nchitoyi inakula ndi thandizo la bungwe la ku America la USAID, makamaka m'dziko la a Sandwe, limene kuyambira mu 2018 lili m'boma latsopano la Lusangazi. Kacitidwe kake kanali kotere: mwini malo, oyandikana naye ndi mfumu ya mudzi ankayenda pamodzi m'malire, anyamata ndi atsikana ophunzitsidwa akujambula malirewo ndi makina a m'manja, mapu ankapacikidwa poyera kuti wotsutsa atsutse, pambuyo pake mfumu yaikuru inkasaina. Pa cikalataco pankatha kulembedwa maina a eni malo oposa mmodzi, mwamuna ndi mkazi, ndiponso maina a ena amene ali ndi gawo pamalopo, monga ana ndi abale.

Mukayang'anitsitsa mudzaona kuti awa ndi mau a malemu aja, onenedwa munthu akali moyo, pamaso pa mudzi, kungoti tsopano agona papepala. M'mabanja ambiri tsiku loyenda m'malire ndilo linali tsiku loyamba kuti bambo anene poyera, alongo ake akumva, ngati mkazi wake adzatsala pamalopo kapena iai. Ena anakana kulemba mkazi, nati ndi mlendo. Ena anakana kulemba mwamuna pa cifukwa comweco, pakuti kwa ife mkamwini ndiye mlendo. Mikangano inabuka ndithu, koma inabuka mwini nkhani ali pomwepo kuti ayankhe, osati pa tsiku la kumeta.

Cikalata ca mfumu si taitolo ya Boma, ndipo munthu asayese kuti angapite naco ku Lusaka kukagulitsa dothi la mbumba. Mphamvu yake ili m'bwalo la mfumu imene inasaina ndi m'buku limene lisungidwa kumeneko. Mwini akamwalira, banja likatha kumeta limapita kwa mfumu ya mudzi ndi cikalataco, mfumuyo imawaperekeza kwa nduna, ndipo dzina la wotsala limalembedwa m'malo mwa dzina la malemu. Ulendo wake ndi wa pa njinga, ndipo munthu amabwerako dzuwa lisanalowe.